Mwana wosamva: aphunzire chathu, kapena tiphunzire chake?

Sabata ino ndikutengani tipite ku Nkhata Bay, cha kugombe, ndipo funso limene ndabwera nalo si lopepuka. Mundilole ndikuikeni inuyo pakati pa nkhaniyi, chifukwa nkhani ya mwini ukamaionera patali imaoneka yosavuta.

Tayerekezani kuti kwanu ndi ku Kande, m'mudzi wina pakati pa msewu wa M5 ndi nyanja. Muli ndi mwana wamkazi wa zaka zitatu. Ali ndi chaka chimodzi anadwala malungo aakulu, anagonekedwa m'chipatala, mwamwayi anachira. Koma kuyambira pamenepo mukamuitana atafulatira, satembenuka. Poyamba munkati ndi mwano. Tsiku lina mbale yachitsulo inagwa kumbuyo kwake, nkhuku zonse balala, iye osatekeseka n'komwe. Kuchipatala akuuzani kuti makutu ake anawonongeka ndipo sadzabwereranso mwakale.

Ndiye alangizi ayamba kufika, paja vuto la mwana silisowa alangizi. Apongozi anu akuti: “Musamuzoloweze zolozaloza ndi manjazo. Mukatero pakamwa padzachita ulesi. Muzingomulankhula basi, tsiku lina adzayankha.” Ena akuti mupite naye kumapemphero. Ena akunong'ona kuti alipo anamuchita chipongwe. Kenako tsiku lina pa Chintheche mwakumana ndi mnyamata wosamva, telala wa pakhonde la sitolo. Wamuyang'ana mwana wanu, wamuseweretsera manja, mwana uja n'kuseka kuseka kumene simunakuonepo. Telalayo walemba pafoni n'kukuonetsani: “Ama, mwanayu ndi wathu. Muphunzitseni manja msanga.”

Wathu? Mwana munabereka nokha, munachezera naye nokha m'chipatala, lero wina azinena kuti ndi wawo? Mumvera ndani, apongozi kapena telala?

Tisanayankhe, taonani msampha umene uli m'chilankhulo chathu chomwechi. Pa Chichewa liwu loti kumva limasenza katundu wambiri. Timamva phokoso, timamva njala, timamva fungo la usipa wootcha, timamva chisoni. Aphunzitsi akafunsa kuti “Mwamva?” akufunsa ngati mwazindikira. Kholo likati “mwana uyu ndi wosamva” nthawi zambiri likudandaula za mwano, mpaka tili ndi mwambi wa uja anamva nkhwangwa ili m'mutu. Ndiye kuti mwana amene makutu ake sagwira ntchito timamutchula ndi liwu lomwelo limene timatchulira mwana wamwano ndi munthu wosazindikira, ndipo mosadziwa timayamba kumuona choncho. Chonsecho mwa mitundu yonse ya kumva ija iye wataya umodzi wokha. Njala amaimva, nsanje amaimva, ng'oma ya malipenga amaimva m'chifuwa ndi kumapazi, ndipo kunyozedwa amakumva msanga kuposa inu ndi ine. Kuzindikira nako angathe, bola zinthu zimufike kudzera pakhomo limene lili lotsegula, lomwe ndi maso.

Apongozi aja musawaseke, chifukwa zimene akuopa ndi zenizeni. Mwanayu adzakhala m'dziko la anthu olankhula ndi pakamwa. Pogula nsomba pagombe, m'minibasi ya ku Mzuzu, kuchipatala, kwa amfumu pa mlandu wa munda wa chinangwa, ndi angati amene adzamve manja ake? Palinso china chimene makolo sachitchula poyera. Mayi aliyense amafuna tsiku lina amve mwana wake akumuitana kuti “Ama”, bambo amve kuti “Ada”. Kulakalaka zimenezi si tchimo. Chitonga chimene agogo ake amakambira nthano, nyimbo za chilimika, nthabwala za asodzi posoka maukonde, zonsezo ndi chuma cha mwanayu mwa kubadwa, ndipo kholo limene likulira kuti asachiphonye likulira zomveka.

Koma tiyeni tiyende nayo njira ya apongoziyi tione kumene ikutifikitsa. Mwana amene samva n'komwe, kuti atole mawu a pakamwa ayenera kuwawerenga pamilomo. Kaimeni pagalasi munene mawu awa osatulutsa liwu: bala, pala, phala, mbala. Milomo ikuchita chimodzimodzi. Nenani mbale, kenako m'bale. Diso silingasiyanitse chodyera nsima ndi mwana wa mayi anu. Nanga mtengo womera ndi mtengo wa pamsika, zimene timasiyanitsa ndi kakwezedwe ka liwu? Mawu enanso ambiri amapangikira kukhosi, kumene diso silifika. Inu ndi ine tingathe kuyerekeza liwu limene latiphonya chifukwa chilankhulo tili nacho kale m'mutu. Mwana wa zaka zitatu amene anagontha Chitonga asanachigwire ayerekeza kuchokera pa chiyani? Onjezanipo kuti kumudzi nkhani zambiri zimakambidwa madzulo, pamdima, wina akutafuna, wina akulankhula atayang'ana kumoto.

Ndipo nthawi siidikira. Akulu anati m'mera mpoyamba, ndipo akatswiri a kakulidwe ka ana amanena zomwezo: zaka zoyambirira, makamaka zisanu zoyamba, ndi pamene ubongo umatola chilankhulo mosavuta, ndipo ubongowo susankha kuti chilowere kukhutu kapena kumaso. Mwana amene wadutsa zaka zimenezi opanda chilankhulo chilichonse chokwanira amavutika nazo mpaka kukula, pophunzira kuwerenga ngakhalenso pophunzira manja omwewo mochedwa. Choncho mawu oti “tidikire kaye, mwina alankhula” ali ndi ngongole yake, ndipo wobweza ndi mwana.

Mwina muti, ife kwathu timamvana naye kale, tili ndi zizindikiro zathu. Zoona, banja lililonse lotere limapanga zake: dzanja kukamwa ndiye kudya, kuloza kunyanja ndiye kukatunga madzi. Zimathandiza, musazitaye. Koma tayesani ndi zizindikiro zimenezo kumufotokozera chifukwa chimene anthu adzazira pakhomo akulira, ndi kumene agogo ake apita. Tayesani kumuuza kuti pamathiriro a mtsinje paja asamasewerepo chifukwa pamabisala ng'ona. Akadzatha msinkhu, azakhali ake adzamulangiza bwanji? Choopsa koposa n'ichi: munthu wina akadzamuchita zoipa kuseri kwa nyumba, adzakuuzani ndi chiyani kuti ndi ndani, liti, kangati? Anthu oipa amadziwa kusankha mwana amene sangathe kunena. Zizindikiro za pakhomo zimakwana potuma mwana. Koma mwana amafunikanso chilankhulo chofunsira kuti “chifukwa chiyani”, chokanira, chonamizira mnzake posewera, chopempherera.

Mkangano wa apongozi anu ndi telala uja si wa ku Kande kokha, ndipo sunayambe lero. Mu 1880 aphunzitsi a ana osamva ochokera m'maiko osiyanasiyana anakumana ku Milan, ku Italy, n'kugamula kuti ana osamva aziphunzitsidwa ndi pakamwa, manja asiyidwe. Pafupifupi onse amene anasonkhana kumeneko anali anthu akumva. Zotsatira zake, m'maiko ambiri aphunzitsi osamva anachotsedwa ntchito, ndipo ana ankalangidwa akapezeka akulankhula ndi manja, ena mpaka kumangidwa manjawo. Ana ankatha zaka akulimbana ndi kutulutsa mawu ochepa, masamu ndi maphunziro ena zikuwadutsa. Maganizo amenewa anafikanso kuno kwathu, moti sukulu zoyambirira za ana osamva m'Malawi kwa nthawi yaitali zinkatsamira pa kuwerenga milomo ndi kutulutsa mawu. Panadutsa zaka 130 kuti msonkhano womwewo, utakumana ku Vancouver ku Canada mu 2010, ukane poyera chigamulo cha ku Milan ndi kuvomereza kuti chinapweteka anthu.

Chimene a ku Milan sanachione n'chakuti manja aja ndi chilankhulo chenicheni. Mu 1960 William Stokoe wa pa koleji ya Gallaudet ku America anaonetsa kuti chilankhulo cha manja chili ndi malamulo ake a kapangidwe ndi kasanjidwe ka mawu ngati china chilichonse. Ku Nicaragua, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ana osamva amene ankakhala kwawokwawo anasonkhanitsidwa pasukulu mumzinda wa Managua. M'kalasi aphunzitsi ankalimbana nawo kuti awerenge milomo, koma pabwalo ndi m'basi anawo anayamba kupanga chilankhulo chawo cha manja, ndipo ang'onoang'ono obwera pambuyo anachikulitsa mpaka chinakhala chokwanira. Sichimodzi padziko lonse ayi. Cha ku America n'chosiyana ndi cha ku Britain ngakhale maiko awiriwa amalankhula Chingerezi. Ifenso tili ndi chathu. Bungwe la anthu osamva la MANAD lakhala likuchimenyera nkhondo kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2021 kunatuluka dikishonale yoyamba ya chilankhulo cha manja cha ku Malawi. Ku South Africa, kumene kuli abale athu ambiri a ku Nkhata Bay, mu 2023 chawo anachiika kukhala chilankhulo cha boma cha nambala 12.

Tibwerere ku mantha a apongozi, oti manja adzapha pakamwa. Anthu a m'mbali mwa nyanja ndiwo anayenera kukhala oyamba kuwakayikira mantha amenewa. Mwana wa ku Chintheche amayamwa Chitonga, kusukulu amakumana ndi Chichewa ndi Chingerezi, akakakhala ku Mzuzu amatola Chitumbuka, ndipo mutu wake susweka. Alipo ena m'tauni amene amaletsa ana awo chilankhulo cha kwawo ati chidzawatsekera Chingerezi, ndipo m'gulu muno lomwe timawadzudzula. Chilankhulo choyamba ndiye makwerero a chachiwiri. Mwana amene ali ndi manja mungathe kumufotokozera kuti lilime aliike pati, kapena kuti zilembo izi papepala zikutanthauza chiyani. Amene alibe chilankhulo chilichonse mumufotokozera ndi chiyani?

Apa ndisakunamizeni kuti ana osamva onse ndi amodzi. Wina amamva pang'ono, ndipo kamakina kovala kukhutu kangamuthandize kwambiri. Wina anagontha ali ndi zaka 8 atadwala matenda oumitsa khosi, Chitonga ali nacho kale pakamwa, ndipo ameneyo kulekerera kuti mawu ake afe kungakhale kumulanda chake. N'chifukwa chake kuyezetsa makutu msanga n'kofunika. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku ABC ku Lilongwe amayeza makutu ndi kuika timakinato, ndipo ana ochepa m'dziko muno anachitidwapo opaleshoni yoika kachipangizo mkati mwa khutu. Koma kamakina kamafuna mabatire, kamaopa madzi, kamawonongeka. Kwa banja la ku Usisya, kumene msewu umavuta nyengo ya mvula ndipo ambiri amadalira boti kapena Ilala, batire likatha mwana amabwerera kuchete mpaka wina adzapite kutauni. Manja safuna batire. Ndiye ngati mwana angathe kulankhula, alankhule. Ngati makina apezeka, avale. Chimene ndikukana ine ndi kubetcha ubwana wake wonse pa pakamwa pokha.

Tsopano tifike pamene pamapweteka. Tinene kuti mwamvera telala uja. Mwana wafika poyamba sukulu, mwapita naye ku Bandawe, pafupi ndi Chintheche pomwepo, kumene kuli sukulu ya ana osamva ya mpingo wa CCAP, Sinodi ya Livingstonia. Muli ndi mwayi, poti sukulu zotere m'dziko muno n'zowerengeka: Embangweni ku Mzimba, ina ku Karonga, Mua ku Dedza, Maryview ku Chiradzulu, Mountain View ku Thyolo. Teremu yatha, mwana wabwera ku holide ali wina. Manja akuthamanga, nkhope ikulankhula, nkhani zadzaza. Anzake anamupatsa dzina la manja limene inu simulidziwa. Wayamba kukufotokozerani za kusukulu, inu kukamwa yasa. Wabwereza pang'onopang'ono, inu mwagwedeza mutu ngati mwamva. Waona kuti mukunama. Tsiku lachitatu wasiya. Madzulo banja lonse lazungulira kondowole, wina wanena nthabwala, nonse mwafa ndi phwete, iye akufunsa ndi maso kuti n'chiyani, inu mwamuyankha ndi dzanja kuti palibe, idya. Holide isanathe wayamba kulongedza chikwama.

Apa ndi pamene makolo ena amati anthu osamva atilanda mwana. Koma tafunsani bwino, wamulanda ndani? Mwana amathamangira kumene akumveka, basi. Pakati pa inu ndi iye pali mtsinje, ndipo wina ayenera kuwoloka. Iye kuti afike kwa inu akufunika makutu, amene alibe ndipo sangawapeze ndi khama. Inu kuti mufike kwa iye mukufunika maso ndi manja, zimene muli nazo kale. Chilungamo chake n'chakuti katundu asenze amene angathe. Koma ife takhala tikuuza kamwana kuti kawoloke kokha, akuluakulu tili chikhalire patsidya, kenako n'kumadabwa kuti sikatizolowera.

Ndipo musanene kuti zamanja n'zachilendo kwa ife. Mwera ukamawomba, wa pagombe ndi wa m'bwato amamvana ndi mikono. Usiku wa usipa gulu lonse la chilimira maso amakhala pa siginala ndi nyali zake. Abale athu anapita ku Joni ndi ku Harare n'kukaphunzira Chizulu ndi Chishona atakula kale, chifukwa cha ntchito. Ngati tinaphunzira chilankhulo cha eni ntchito kuti tipeze ndalama, cha mwana wathu chingatikanike?

Nanga mawu a telala aja, oti mwanayu ndi wathu? Ali ndi choonadi chake. Anthu osamva ali ndi chikhalidwe chawo: mayina a manja, nthabwala zimene sizikoma zikamasuliridwa, malamulo a ulemu monga kusayang'ana kumbali munthu akulankhula nawe, ndi kumugwira paphewa pomuitana m'malo momugenda ndi kamwala. Ambiri mwa iwo sadziona ngati odwala oyembekezera kuchira. Amadziona ngati mtundu wa anthu wokhala ndi chilankhulo chake. Chodabwitsa cha mtundu umenewu n'chakuti kawirikawiri suyenda m'magazi. Ku America, kumene anawerengera, ana osamva oposa 9 mwa 10 alionse amabadwa kwa makolo akumva. Ndiye kuti zinthu zina mwana wanu sangaziphunzire kwa inu, ngakhale mumukonde chotani. Mmene munthu wosamva amakwerera minibasi, mmene amanenera malonda, mmene amayankhira womuseka, mmene amapezera banja, zimenezo adzaziona kwa wamkulu wosamva. Mwana amene sanaonepo munthu wamkulu wosamva angaganize kuti akadzakula adzayamba kumva, kapena kuti anthu ngati iye sakula n'komwe.

Komabe “wathu” ameneyo ali ndi malire ake. Mwanayu ndi Mtonga. Ali ndi chiwongo chake, manda a makolo ake, munda umene adzalime, amalume amene adzamuimire pa ukwati. Zimenezo anzake osamva sangamupatse, ndipo mwana amene wapeza chilankhulo n'kutaya kwawo wagula chinthu chabwino pamtengo umene sanayenere kulipira. Kwathu kuno mwana kukhala wa mbali zingapo si zachilendo. Ali ndi kuchimuna ndi kuchikazi, ndipo palibe amamuuza kuti asankhe kumodzi. Anthu osamva atengeni ngati mbali yachitatu ya mwanayu, abale amene simunawayembekezere koma amene mukuwafuna. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ndiye mukanakhala inu, mukanayambira pati? Ine ndikanayamba ndi telala uja, kumuitanira kunyumba Lamlungu lililonse, adye nafe, atiphunzitse mawu khumi. Osati mayi okha ayi. Kawirikawiri katunduyu timawasiyira amayi, bambo n'kumalankhula ndi mwana wawo kudzera mwa womasulira m'nyumba mwawo momwe. Aphunzire abambo, azichimwene ake, agogo, ndi ana oyandikana nawo amene amasewera naye, omwenso amagwira msanga kuposa akulu. Ndikanagula nyali ya sola n'kuiika pamene timadyera, chifukwa kwa mwanayu mdima ndiye kutseka makutu kachiwiri. Ndikanalimbikira kuti adziwe kuwerenga ndi kulemba, poti pepala ndi foni ndizo zidzamulankhulire kumsika ndi kumaofesi. Mawu a pakamwa ndikanamuphunzitsa monga luso lowonjezera, mmene timaphunzitsira mwana kupalasa bwato, osati monga msonkho woti alipire kuti akhale mwana wa m'nyumba muno. Ndipo akadzakula n'kusankha kusagwiritsa ntchito liwu lake pagulu, kaya chifukwa anatopa kusekedwa, kaya chifukwa sakufuna basi, ndikanalemekeza.

Sindikunena kuti n'zophweka. Zala zanu zidzakhala zolimba, mudzalakwitsa, mwana adzakusekani mmene timasekera alendo a ku Ulaya akamayesa kupereka moni wa Chitonga pagombe la Kande. Mwina simudzafika pamene afika anzake a kusukulu. Ndipo liwu lija loti “Ama” mwina simudzalimva ndi khutu mpaka kalekale. Chisoni chimenecho ndi chanu, lirani ndithu, koma musamusenzetse mwana. Iye liwu limenelo ali nalo m'manja mwake, akungodikira kuti muphunzire kuliona.

Funso langa kwa inu sabata ino n'ili. M'mudzi mwanu, kutchalitchi kapena kumzikiti kwanu, mwina m'banja mwanu momwe, muli munthu wosamva amene mwakhala mukungomukwezera dzanja kwa zaka. Dzina lake la manja mumalidziwa? Ndipo ngati m'gulu muno muli ena osamva, kapena amene munalera mwana wotere, tiuzeni pamene ndaphonya, poti eni nkhaniyi ndinu. Tionane sabata yamawa.